Geni zathu bwanji sizikula? Za ziphaso, misonkho ndi ntchito kuno ku Dedza

Mukafika pa Lizulu m'mamawa nkhungu isanachoke, mupeza matumba a kachewere ali ndandanda m'mbali mwa msewu wa M1, ena osokerera pamwamba mpaka kutalika ngati munthu, moti anyamata awiri amachita kulimbana nalo thumba limodzi kuti likwere mu lole. Mbali ino ya tala ndi Malawi, mbali inayo ndi Mozambique, koma kabichi, tomato, anyezi ndi karoti sizifunsa kuti malire ali pati. Anthu amene amadyera pamsika umenewu ndi ambiri zedi, olima, opikula, onyamula, osoka matumba, a kabaza, amayi ophika nsima, anyamata a pachiwaya. Koma tayesani kufunsa kuti mwa onsewa ndi angati amene ali ndi bwana wowalipira pakutha pa mwezi, mupeza ndi owerengeka. Aliyense ndi bwana payekha, ndipo aliyense ndi wamng'ono.

Kafukufuku wa za ntchito amene a National Statistical Office anachita mu 2013 anapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse ogwira ntchito m'dziko muno, 89 ali pa ntchito zosalembetsa, zopanda kontilakiti, zopanda penshoni. Nde andale akamalonjeza ntchito, ngati muja analonjezera ntchito 1 miliyoni pa kampeni ya 2020, ine ndimangodzifunsa kuti kodi olemba anthuwo ndi ndani? Boma silingatilembe tonse uphunzitsi ndi upolisi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 830,000 m'boma la Dedza lokha, ku Ntcheu pafupifupi 660,000, ambiri mwa iwo achinyamata, ndipo mafakitale ali ku Kanengo ndi ku Makata, osati kwa Kachindamoto kapena kwa Njolomole. Kuno ntchito imabadwa tsiku limene mayi wa geni wanena kuti ayi ndekha sindikukwanitsanso, ndipeze mtsikana wondithandiza, kenako akhala awiri, kenako asanu. Ine ndimathandiza anthu a mabizinesi ang'onoang'ono kulemba mabuku awo pa boma pano, ndipo chimene ndaona n'chakuti malamulo a boma samuvutitsa kwenikweni munthu ali yekha, komanso kampani yaikulu imatha kupirira nawo, amene amamugwira pakhosi ndi uyu wapakatiyu, amene akufuna kuchoka pa munthu mmodzi kufika pa asanu.

Ndikuuzeni za mlamu wanga wina, dzina ndisatchule. Iyeyu anayamba kukazinga makirisipi a kachewere wa ku Bembeke, amadula mopyapyala bwino, mchere pang'ono, ena a tsabola, poyamba mapepala ankamata ndi kandulo kenako anagula kamakina komatira. Ankapereka m'magolosale a pa boma pano ndi kwa anyamata ogulitsa m'maminibasi pa depoti. Zinayenda mpaka anatenga atsikana awiri, wina wosenda wina wolongedza. Tsiku lina analimba mtima, ananyamula mapaketi angapo kupita nawo ku shopu ina yaikulu ku Lilongwe. Bwana wa pamenepo analawa, anayamikira, kenako anamuuza kuti abweretse mapepala. Kalata yolembetsera bizinesi, nambala ya msonkho ija ya TPIN, chizindikiro cha a MBS, bungwe la boma loyeza ubwino wa katundu, pa paketi, barcode, tsiku losonyeza kuti chakudyacho chitha mphamvu liti, akaunti ya ku banki ya m'dzina la bizinesi, ndipo ndalama azidzalandira patapita mwezi kapena kuposerapo katundu ataperekedwa. Anabwera kwathu madzulo ake atalemba zonsezi kuseri kwa lisiti, akuti alamu tandiuzeni ndiyambire pati.

Tiyeni tizione chimodzichimodzi, chifukwa anthu ambiri amangoti "mapepala a boma" ngati ndi chinthu chimodzi pamene ndi maofesi osiyanasiyana, aliyense ndi lamulo lake. Kulembetsa dzina la bizinesi ndi kwa Registrar General, pansi pa lamulo la 2012, ndipo ngati mukufuna kampani yeniyeni pali lamulo lina la makampani la 2013. Masiku ano izi zimatheka pa intaneti, zomwe zachepetsako maulendo, tisabise. TPIN amapereka a MRA, bungwe lotolera misonkho limene linayamba kugwira ntchito mu 2000. Chiphaso chochitira malonda pamalopo mumadula ku khonsolo ndipo chimatha chaka ndi chaka. Poti ndi zakudya, a zaumoyo amayenera kudzaona malo ophikirawo ndipo ogwira chakudya amayezedwa ku chipatala. Kenako a MBS, amene alipo kuyambira 1972, amayendera malo opangirawo, amatenga zina mwa zinthuzo kukayeza ku labu, ndipo pokhapokha akakhutira m'pamene mumaloledwa kuika chizindikiro chawo. Apa nde pali nkhani yaikulu chifukwa sangavomereze chakudya chopangidwira pakhonde pamene nkhuku zikudutsa, pamafunika chipinda chakechake, pansi pa simenti, madzi abwino, posamba m'manja, posungira katundu. Kunena zoona palibe chopusa pa zonsezi, inenso sindingafune mwana wanga adye zinthu zokazingidwa m'mafuta a sabata yatha.

Vuto lili pa masamu ake. Ndalama zambiri za mapepalawa sizitengera kuti mukugulitsa zochuluka bwanji. Kuyeza ku labu sikufunsa ngati mumapanga mapaketi 200 kapena 200,000, chipinda cha simenti ndi chipinda basi. Tingoyerekeza, nambala izi ndangopeka kuti timvane, kuti zonse pamodzi, ziphaso, kuyeza, thiransipoti, kusindikiza mapepala okutira, zakudyerani K600,000 pa chaka. Ngati mumagulitsa mapaketi 6,000 pa chaka ndiye kuti paketi iliyonse yasenza K100 ya mapepala okha. Kampani ya mu tauni yogulitsa mapaketi 600,000 paketi yake yasenza K1 yokha. Lamulo ndi limodzi, sitampa ndi yomweyo, koma wina lamulemera ka 100 kuposa mnzake, ndipo pa shelefu mapaketi awiriwa aikidwa moyandikana. N'chifukwa chake nthawi zina mumamva makampani akuluakulu eni ake akupempha boma kuti likhwimitse malamulo, musamadabwe, mpanda ukakwera amene ali kale mkati amagona tulo.

Ndiye pali mtengo wina umene sulembedwa pa lisiti iliyonse, nthawi. Kuchoka pa Dedza kupita ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85, wa ku Tsangano kapena ku Kasinje nde musanene. Mukafika pa ofesi ina akuti netiweki palibe, mawa lake akuti osainira atuluka apita ku maliro, mkuja akuti fomu imene mwadzazayo ndi yakale. Kampani yaikulu ili ndi munthu amene ntchito yake ndi yomweyo yokhala pa mabenchi a m'maofesi. Mlamu wanga akakhala pa benchi ndiye kuti chiwaya chazima tsiku limenelo. Ndipo pamene pali kudikira kwambiri m'pamene pamamera anthu aja okuyandikirani n'kunong'ona kuti mungondipatsako ya fanta fayilo yanu iyende.

Tsopano tifike pa kulemba munthu ntchito penipenipo. Lamulo la ntchito la 2000 limapatsa nduna mphamvu yoika malipiro otsikitsitsa. Mu 2021 anali K50,000 pa mwezi, mu February 2024 anakwera kufika K90,000, ndipo mu 2025 anakwezanso. Pamwamba pa malipiro pali penshoni, imene kuyambira 2011 inakhala yokakamiza, bwana amaika 10 peresenti wantchito 5 peresenti. Palinso 1 peresenti ya TEVET yothandizira maphunziro a ntchito zamanja. Nde tikatenga K90,000 ija, bwana wotsata zonse amatulutsa K99,900 pa munthu mmodzi, anthu asanu ndi K499,500 mwezi ndi mwezi, kaya kachewere wakwera mtengo kaya magetsi kunalibe sabata yonse. Onjezanipo tchuthi cholipidwa, masiku odwala, tchuthi cha uchembere, ndipo bizinesi ikavuta n'kufuna kuchepetsa anthu pali ndalama yowatsanzika nayo, malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse chimene munthu wagwira m'zaka zisanu zoyambirira, ndipo imakwera akakhalitsa. Mukamuchotsa molakwika akutengerani ku ofesi ya leba, mwinanso mpaka ku khoti la za ntchito.

Pamenepa ndimasiyana ndi anzanga ena a bizinesi amene amati malipiro otsikitsitsawa angochotsedwa. K90,000 pa mwezi, mutachotsapo lendi, thumba la chimanga, sopo ndi mchere, mutsala ndi chiyani? Amene anagwirapo ntchito mu shopu kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka usiku, Lamlungu lomwe, n'kumalandira mochedwa, akudziwa chifukwa chake lamuloli lilipo. Komanso wantchito wolipidwa bwino ndi kasitomala wa mnzako. Koma zoona zake n'zakuti bwana wamng'ono akawerengera zonsezi amapeza njira yozemba, ndipo njira zake timazidziwa tonse. Salemba munthu, amangopereka ganyu ya tsiku ndi tsiku. Kapena amaitana mwana wa achemwali ake kumudzi kuti adzathandize, malipiro ake ndi nsima ndi malo ogona. Kapena m'malo mokulitsa shopu imodzi kuti ikhale ndi antchito asanu ndi mmodzi, amatsegula maokala atatu m'malo atatu, lililonse m'dzina la m'bale wina, kuti pasapezeke chachikulu choonekera patali. Ntchito zilipo ndithu koma ndi zija zosamuphunzitsa munthu kanthu, zopanda mawa, ndipo lamulo limene linabwera kudzateteza wantchito silimufikira n'komwe.

Misonkho nayo ili ndi kakhwawa kake. VAT, msonkho woonjezera pa mtengo wa katundu, imene kwa zaka zambiri inali 16.5 peresenti, simakhudza wogulitsa aliyense, pali mlingo wa ndalama zolowa pa chaka umene ukaupitirira umayenera kulembetsa. Ukangolembetsa mitengo yako ikwera, uyenera kupereka malisiti a makina, nkhani imene inayamba ndi timakina ta EFD mu 2014, uyenera kutumiza mafomu mwezi uliwonse ngakhale mwezi umene sunagulitse, ukachedwa pali chindapusa. Woyandikana naye shopu amene sanafike pa mlingowo, kapena wafika koma sakunena, akugulitsa katundu yemweyo motsika. Ndaonapo ndi maso anga munthu akukana oda yabwinobwino kumapeto kwa chaka kuopa kuti mabuku ake angadumphe mzerewo. Ganizirani, munthu wa bizinesi kukana kasitomala! Palinso ka 3 peresenti kamene makampani ndi mabungwe amadula akamakulipira katundu, kwa wolembetsa kamadzawerengedwa pa msonkho wake wa pa chaka, koma kwa amene mabuku ake sali bwino kamangopita. Pamsika nde tonse timadziwa tikiti ya tsiku ndi tsiku. Anthu sadandaula kwenikweni za ndalama ya tikitiyo, amadandaula akaona kuti adula chaka chonse koma chimbudzi cha pamsika n'chodzadza ndipo mvula ikagwa tomato akusambira m'matope. Msonkho umene munthu akuona chimene wagula nawo supweteka mofanana ndi umene wangolowa m'dzenje.

Musandimve ngati ndikuti malamulo onse ndi adani a bizinesi, pali ena amene popanda iwo msika weniweniwo sungakhalepo. Sikelo mwachitsanzo. Mlimi wa soya kapena nyemba wa ku Linthipe akadziwa kuti sikelo ya venda ndi yofinya, nayenso amathira timiyala ndi mchenga m'thumba, venda akadziwa zimenezo amatsitsanso mtengo, mapeto ake onse akuberana ndipo wogula wamkulu wofuna katundu wabwino amathawa dera lonselo. A MBS akamayendera masikelo ndiye kuti akuteteza malonda, osati kuwapha. Chimodzimodzi mbewu, chimanga wamba chopakidwa utoto n'kuikidwa m'paketi yokongola chimaphetsa mlimi chaka chathunthu, chimaphanso wogulitsa mbewu wachilungamo chifukwa anthu amasiya kukhulupirira aliyense. Mtedza wathu unkapita ku Ulaya wambiri kale, msika umenewo unatsekeka kwakukulu chifukwa cha chuku chija chimabwera mtedza ukanyowetsedwa kapena kusungidwa pachinyezi. Ndipo kolera ya 2022 mpaka 2023, imene inapha anthu oposa 1,700, inatikumbutsa kuti a zaumoyo akamavuta za madzi ndi zimbudzi pamalo ogulitsira zakudya si nkhanza chabe. Lamulo labwino limapangitsa kuti munthu wa ku Blantyre amene sakukudziwa agule chinthu chako osaopa, ndipo bizinesi siingakule pogulitsa kwa achibale ndi anzako a ku tchalitchi okha.

Akuluakulu amene anaona za m'ma 1970 ali ndi chitsanzo chimene ife achinyamata sitichidziwa bwino. Boma la Kamuzu linalamula amwenye kuti achoke m'malo a malonda a kumidzi, pofika 1978 ankaloledwa kuchita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha. Cholinga chinali chomveka, Amalawi atenge mashopuwo. Koma shopu si nyumba yokha, ndi mpamba, ndi ngongole ya katundu kuchokera kwa ogulitsa mopikulitsa, ndi galimoto yokatenga katunduyo. Ambiri amene analowa m'mashopuwo analibe zimenezi, patapita nthawi mashopu ambiri anatsekedwa, atelala amene ankasoka pakhonde anasowa pokhala, ndipo anthu anayamba kuyenda mitunda kukagula nsalu ndi palafini. Mbali inayo, lamulo la mbewu zapadera la 1963 linachititsa kuti fodya wa bale akhale wa maesiteti, mlimi wamba ankangokhala tenanti. Atayamba kumasula kuyambira 1990, alimi ang'onoang'ono analowa m'makalabu n'kumakagulitsa okha ku okushoni, ndalama inafika m'midzi, malata ndi njinga zinaoneka, ngakhale kuti ogula apakati anadzasokonezanso zinthu. Nayo ADMARC, imene inakhazikitsidwa mu 1971, inali pafupifupi yokhayo yogula mbewu kwa alimi ang'onoang'ono mpaka 1987 pamene anthu wamba analoledwa kugula ndi kugulitsa mbewu. Mavenda onse mukuwaona ndi masikelo pa Chimbiya ndi ana a kusintha kumeneko, abwino ndi oipa omwe. Cholembera chimodzi ku likulu chimatha kutsegula kapena kutseka ntchito za anthu masauzande amene wolembayo sadzawaona.

Koma pa zonse, chimene ine ndimaona kuti chimapha ntchito kwambiri si kulemera kwa lamulo ayi, ndi kusinthasintha kwake. Lamulo lolemera koma lokhazikika munthu amaliwerengera, amaliika mu mtengo wa katundu, amapitirira. Koma lija lobwera pa wailesi madzulo kuti kuyambira mawa, limenelo ndi limene limamuuza munthu kuti usamange, usalembe anthu, ndalama yako isunge mu zinthu zoti ukhoza kuthawa nazo. Taonani za chimanga, chaka china kutumiza kunja n'kololedwa, chaka china n'koletsedwa, nde ndani angamange nkhokwe yaikulu kapena kulima mahekitala ambiri osadziwa kuti pokolola adzaloledwa kugulitsa kuti? Boma limalengeza mitengo yotsikitsitsa yogulira mbewu chaka chilichonse, koma ngati palibe wogula ndi ndalama m'manja pa mtengo umenewo, mlimi wofuna fizi ya mwana amagulitsabe kwa venda pa mtengo wa venda. Za mapulasitiki opyapyala nazo, analetsa mu 2015 onse osafika ma micron 60, makampani anathamangira ku khoti, khoti lalikulu la apilo linagamula mu 2019 kuti chiletso chikhalepo, kenako kunabweranso ziletso zina za ku khoti, zaka zikupita. Munthu amene akanatsegula kafakitale kosoka zikwama za nsalu kapena kupanga mapepala okutira akanalimba mtima bwanji, osadziwa ngati majumbo otchipa abwerenso mwezi wamawa?

Ndiye kwacha. Mu May 2022 inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi. Mlamu wanga sagula chilichonse ndi dola, sanaigwirepo n'komwe, koma mafuta ophikira, mapepala okutira, feteleza wa mlimi wa kachewere uja ndi dizilo wa lole zonse zimayendera dola. Komanso boma likaika mtengo wa dola umene ku banki dolayo sikupezeka, pamakhala mitengo iwiri, amene ali ndi mwayi wopeza ya ku banki amagula katundu motchipa, wina aliyense amagula ya pamsika wakuda mokwera kwambiri, ndipo awiriwa akupikisana pa kasitomala mmodzi. Pamenepo wopambana si amene amagwira ntchito bwino, ndi amene amadziwana ndi anthu.

Nkhani ya March 2025 inatikhudza ife mwachindunji. Unduna wa zamalonda, pogwiritsa ntchito lamulo loyang'anira katundu la 2018, unaletsa kulowetsa m'dziko zinthu zingapo zimene timatha kupanga tokha, ndipo pa mndandandawo panali kachewere, anyezi, adyo, ufa, mpunga, zipatso, mkaka ndi zina. Kwa mlimi wa ku Bembeke kapena ku Tsangano zinamveka ngati nkhani yabwino, ndipo mbali ina ndi yabwinodi, n'zomvetsa chisoni kuona shopu ya ku Lilongwe ikugulitsa mbatatesi ya ku South Africa pamene yathu ikuolera m'mbali mwa msewu. Koma tayang'anani mbali zinazo. Choyamba, pa Lizulu kachewere wa ku Angonia, ku Mozambique, ndi wa kuno mungamusiyanitse bwanji, alibe pasipoti, minda ina inachita kudutsa malire ndipo eni ake ndi pachibale. Lamulo lotere pamalo ngati amenewa limangosanduka nkhani yokambirana pamsewu. Chachiwiri, mnyamata wa pachiwaya ndi mayi wa makirisipi kwa iwo kachewere ndi chogula, akakwera mtengo phindu lawo latsika, nde mwateteza ntchito ya wina pofinya ya wina. Chachitatu, anzathu nawo ali ndi zolembera, Tanzania inabwezera mu April poletsa mbewu zathu kulowa kwawo, mpaka maboma awiriwa anachita kukhala pansi. Ndipo shopu ija imaitanitsa mbatatesi kunja si chifukwa chodana nafe, imafuna yofanana kukula, yotsukidwa, yopezeka mwezi uliwonse. Chiletso pachokha sichimanga nyumba yosungiramo kachewere, sichibweretsa mbewu yopanda matenda, sichikonza msewu.

Pa ngongole sindichedwapo, nonse mukudziwa. Mu 2024 chiwongoladzanja chimene Reserve Bank imayambira chinafika 26 peresenti, mabanki amaonjezapo zawo. Boma lenilenilo limabwereka kwambiri m'mabanki momwemo, nde banki ingavutikirenji ndi mayi wa makirisipi pamene ikhoza kubwereketsa boma n'kugona? Ikafuna chikole imafuna malo a mapepala, pamene kuno munda ndi wa mbumba, ngakhale lamulo la malo la 2016 linatsegula njira yolembetsera malo a makolo, kukauza amalume kuti ndikufuna ndikapinyolitse dimba ndi nkhani ina. Otsala ndi banki m'khonde, amene amathandiza ndithu koma sangakugulire makina, ndi katapila amene amakudya wamoyo.

Kabaza ndi chitsanzo chimene chimandisokoneza maganizo, ndivomere. Palibe ndondomeko ya boma imene inalemba achinyamata ambiri m'zaka zapitazi kuposa njinga zamoto, ndipo zinakula chonchi chifukwa choti lamulo linabwera mochedwa, mnyamata amagulitsa mbewu, kugula njinga, mawa lake ali pa siteji. Akanati ayambe walembetsa njinga, wapita ku sukulu yoyendetsa, wadula laisensi ndi inshuwalansi, theka la iwo sakanayamba. Koma pitani m'zipatala zikuluikulu mukaone miyendo yothyoka, ana amasiye, anthu atatu pa njinga imodzi opanda chipewa ndi mmodzi yemwe. Lamulo likufunika, palibe wokana. Funso ndi mtengo wake ndi kumene likupezeka. Ngati kulembetsa ndi laisensi zikudya ndalama yoyandikira mtengo wa njinga yeniyeniyo, ndipo uyenera kukazipeza ku mzinda, mnyamata wa ku Mayani sapita, amasankha kumapereka kenakake akagwidwa, ndipo lamulo limene linayenera kuteteza okwera limasanduka geni ya munthu woima pamsewu. Likanakhala lotchipa, lobwera pa boma pompano pa tsiku lodziwika, lolipira pang'onopang'ono, ambiri akanalowa, chifukwa palibe amene amakonda kuthawa moyo wake wonse.

Mmenemo ndi mmene ndimaonera za mlamu wanganso. Sakupempha kuti a MBS asiye kuyeza chakudya. Chimene chikanamuthandiza ndi makwerero, kuti wamng'ono ayambe ndi zofunika kwambiri pa ukhondo pa mtengo wogwirizana ndi msinkhu wake, apatsidwe nthawi yokonzera zinazo, maofesi onsewa akumane pakhomo limodzi pa boma m'malo momuyendetsa, ndipo akalembetsa aone phindu lake, monga mwayi wopereka katundu ku sukulu kapena ku chipatala n'kulipidwa pa nthawi yake, osati kudikira miyezi mpaka mpamba kutha. Pakali pano kulembetsa kumaoneka ngati kudziulula kwa okutolera ndalama basi.

Iyeyo ku shopu ya ku Lilongwe kuja sanabwererekonso. Bizinesi analembetsa, TPIN anatenga, pa chipinda cha simenti m'pamene anaima. Mafuta atakwera kumapeto kwa 2023 mtsikana mmodzi anamubweza kumudzi, watsala ndi mmodzi amene amabwera masiku atatu pa sabata. Mafomu aja ali mu jumbo pansi pa sutikesi. Loweruka lapitali anabwera kudzandifunsa za kopaletivu, akuti amva kuti amayi angapo akhoza kumanga chipinda chimodzi, kugula makina amodzi, n'kutenga chizindikiro chimodzi onse pamodzi. Ndinamuuza kuti n'zotheka, lamulo la makopaletivu limafuna anthu osachepera khumi. Akuti alamu tilipo asanu ndi awiri, atatu enawo apezeka ku Bembeke, koma takanganapo kale kawiri, aliyense akufuna chipindacho chimangidwe pa puloti yake.